Amalume anga anali msilikali, lero eni nyumba awatsekera chipinda ku Turffontein. Ndiyambire pati?

Nabanda_wa_ku_Rosettenville

Abale anga, ndakhala ndikuwerenga pano nthawi yaitali osalembapo kanthu, koma lero zandikulira. Nkhani ndi ya amalume anga, achimwene awo a mayi anga, omwe ndiwo eni mbumba kwathu ku Dedza.

Analowa usilikali mu 1988, maphunziro anachitira ku Salima. Akadali mnyamata anawatumiza ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya Renamo, ndipo mu Disembala 1993 pomwe asilikali ankalanda zida apayoniya a MYP (Malawi Young Pioneers), iwo analipo. Akhalapo ku Cobbe ku Zomba, ku Moyale ku Mzuzu, n'kudzapumira ku Kamuzu Barracks mu 2014 ali sajeni. Fizi yanga yonse ya kusekondale analipira ndi iwowa. Bambo anga atamwalira, ndi iwo anabwera ndi bokosi usiku.

Atalandira ndalama yopumira pa ntchito (gratuity) anagula minibasi yoyenda pakati pa Lilongwe ndi Dedza. Iwo za minibasi sankazidziwa, anangodalira dalaivala ndi kondakitala, ndipo chaka chisanathe bwino injini inafa. Zotsalazo anamalizira nyumba ya malata, koma anaimanga kwawo kwa akazi awo chifukwa anali pa chikamwini. Azakhali atamwalira mu 2017, akuchikazi anawasudzula mwamwambo, nyumba n'kukhala ya ana ndi abale a malemu. Iwo anatuluka ndi sutikesi yachitsulo yomwe ija anatuluka nayo kubalaki. Mu 2018 anakwera basi ya ku Joni.

Kuno akhala akulondera pamalo ena osungira magalimoto, usiku okhaokha, malipiro a pamanja, opanda pepala lililonse. Mwezi wa Epulo bondo linatupa, anakhala milungu itatu osayenda, ndipo atabwerera anapeza aikapo mnyamata wina. Lendi ya chipinda ndi R1,800. Atalephera ya Meyi anakatenga R1,500 kwa mashonisa (wobwereketsa ndalama za katapila), munthuyo n'kuwalanda pasipoti ngati chikole. Ya Juni yalepherekanso. Lachiwiri lapitali atachokera kofuna ganyu anapeza loko wachilendo pachitseko, katundu yense ali m'kati.

Ine zonsezi sindimadziwa. Lamlungu lililonse amabwera kwanga kudzadya nsima, malaya ositidwa bwino, nsapato zopolishidwa, ndikawafunsa amati zonse zili bwino mwana wanga. Ndinamva kwa mnzawo wina mlonda, yemwe wakhala akuwalowetsa m'kanyumba kake ka pageti kuti azigona chokhala pampando. Ndi kuzizira kwa Juni kuno, munthu wa zaka pafupifupi 60. Nditapita kukawaona ndinawapeza atafunda jekete m'miyendo, manja ali pa kambaula. Chimene anandiuza choyamba sichinali cha njala kapena cha bondo. Anati, "Mapepala anga a ntchito ali m'sutikesi muja, asanyowe."

Pano ndawatenga, akugona pansi m'chipinda mwanga, koma ndili ndi ana awiri ndipo kwathu mukudziwa, malume kugona chipinda chimodzi ndi mdzukulu wamkazi n'zosayenera. Iwonso zikuwapweteka, amadikira tonse tigone ndiye alowe.

Ndinamva kuti kuno kuli ofesi yothandiza asilikali opuma, ati mpaka imapereka nyumba. Kodi munthu ngati amalume angathandizidwe kumeneko? Nanga loko ameneyu ndi pasipoti tipange bwanji? Penshoni yawo imalowa kubanki kumudzi, khadi lili ndi mwana wawo wamwamuna, ndipo iwo sadziwa n'komwe kuti pano ikulowa zingati.

Gondwe_JHB

Pepani kwambiri achemwali. Ine si loya, koma ndakhala ndikuperekeza abale athu ambiri pa nkhani za nyumba, ndiye ndinene zomwe ndikudziwa.

Ofesi mwamvayo ilipodi, ndi Department of Military Veterans, ndipo imayendera lamulo la Military Veterans Act la 2011. Koma musataye ndalama ya takisi kupita kumeneko. Lamulolo likamati msilikali wopuma limatanthauza nzika ya South Africa: amene anali m'magulu omenyera ufulu monga MK ndi APLA, amene anali m'gulu la nkhondo la boma lakale, komanso amene analowa SANDF, gulu la nkhondo latsopano la dziko lino, kuyambira 1994. Msilikali wa ku Malawi salowamo, ngakhale atakhala kuno zaka zingati. Ngakhale eni dziko omwe ali pa mndandandawo ambiri akudikirabe nyumba zawo. Wina akakuuzani kuti mumupatse kangachepe awalembetse amalume, dziwani kuti ndi wakuba.

Za loko ndiye muli ndi poyambira. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 26, amati munthu sangatulutsidwe m'nyumba yomwe akukhala popanda chigamulo cha khothi. Sakuti nzika yokha, akuti munthu. Palinso lamulo la 1998 lomwe amalitchula kuti PIE, lofotokoza njira yomwe mwini nyumba ayenera kutsata. Kukhala ndi ngongole ya lendi sikupatsa landilodi mphamvu yosintha loko, kudula madzi ndi magetsi kapena kugwira katundu wa munthu mwa iye yekha. Ngongole ndi ngongole ndithu, amalume ayenera kubweza, koma njira yake si imeneyo.

Madandaulo otere amapita ku Gauteng Rental Housing Tribunal, yomwe inakhazikitsidwa pansi pa Rental Housing Act ya 1999, ndipo salipiritsa. Poti pasipoti palibe m'manja, ine ndingakonde muyambe mwalankhula ndi maloya osalipiritsa, monga a SERI kapena a Lawyers for Human Rights ku Braamfontein, akuuzeni poyenda. Musanapite jambulani loko pafoni, sungani mauthenga onse a WhatsApp a landilodi, ndipo ngati pali malisiti a lendi kapena a dipoziti muwatenge. Nthawi zambiri kalata imodzi ya loya imatsegulitsa chitseko nkhani isanafike patali.

Mashonisa naye akuphwanya lamulo. National Credit Act ya 2005 imaletsa wobwereketsa ndalama kusunga chitupa kapena khadi la banki la wokongola. Koma ndinene zoona, anthu amenewa si oti mayi apite yekha kukawaopseza ndi malamulo. Pitani ndi azibambo awiri atatu achikulire, mukagwirizane kubweza yomwe anatenga ndi kachiwongola dzanja komveka, mulembe papepala, pasipoti ituluke tsiku lomwelo. Tsiku lililonse mukuchedwa katapila akukwera.

Chinanso muyang'ane mukaitenga pasipotiyo: ngati papita masiku opitirira 30 chithere masiku omwe analoledwa kukhala kuno, potuluka pachipata cha Beitbridge amamuletsa munthu kulowanso kwa zaka zisanu. Adziwiretu asanaganize zopita.

Kopolo_Wakale

Mwana wanga, nkhani yakoyi ndaiwerenga kawiri ndipo ndalephera kugona. Amalume akowo ndi akuluakulu anga pa ntchito, ine ndinalowa pambuyo pawo. Ukawauze kuti kopolo wina wawapatsa ulemu.

Anthu wamba samvetsa chomwe chimatichitikira tikavula yunifolomu. Kubalaki nyumba ndi ya boma. Madzi, magetsi, chipatala, nsapato, zonse zimabwera. Ukadwala pali wokunyamula, ukamwalira pali wokuika. Tsiku lodzuka, nthawi yodya, komwe ukagone, wina anakonza kale. Ukhala choncho zaka 25, kenako tsiku limodzi akupatsa ndalama yambiri yomwe sunaigwirepo chibadwire, n'kukuuza kuti makiyi a nyumba ubweze. Ine ndinaphunzitsidwa kumasula mfuti ndi kuimanganso mumdima, koma kulemba kuti mwezi uno zalowa zingati, zatuluka zingati, ndinayamba ndili ndi imvi.

Ine inali chigayo. Ndinachiika pamalo pomwe magetsi amazimazima, ndinapatsa mlamu wanga kuti aziyang'anira, ndipo sindinafunsepo buku ngakhale tsiku limodzi chifukwa ndinkaona ngati kufunsa n'kunyoza. Abale nawo anali pakhomo m'mawa uliwonse, wina fizi, wina feteleza, wina maliro. Msilikali sakana, amaopa kuti anena kuti wayamba kunyada. Patatha zaka ziwiri ndinali pa Park Station, potsikira mabasi kuno ku Joni, ndi chikwama chimodzi. Anzanga amene anapita ku DRC n'kubwerako ndi ndalama za UN, angapo ndawaona akutsata njira yomweyi, galimoto kaye, nyumba pambuyo.

Kuno ntchito yomwe timaidziwa ndi yaulonda, koma kuti ulembetse ku PSIRA, bungwe loyang'anira ntchito yaulonda, uyenera kukhala nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika. N'chifukwa chake timathera m'manja mwa olemba ntchito a mseri, opanda kontrakiti, opanda UIF (thumba lothandiza munthu ntchito ikatha), ndipo ukadwala sabata imodzi ntchito yatha. Malipiro ochepetsetsa ovomerezeka anafika R28.79 pa ola mu Malichi 2025, koma kafunse alonda athu ngati amaiona.

Tsono chomwe ndikufuna umve ndi cha penshoni. Imeneyo ndiye nyumba ya amalume ako, kungoti sakuiona. Kwacha anaitsitsa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama imeneyo ukaisintha kukhala marandi kuti ulipire lendi ku Turffontein imasungunuka m'manja. Koma ili komweko imagulabe njerwa, imagula matumba a simenti limodzilimodzi, imalipira mmisiri. Ndipo randi yochepa yomwe wapeza kuno ukaitumiza kumudzi imatambasuka. Ine ndinazindikira mochedwa kuti ndalama iziyenda kuchoka kuno kupita uko, osati kubwerera.

Ndinachita chonchi. Ndinaimbira banki yanga, ndinatseka khadi lomwe linali ndi abale, ndipo nditapita pa Disembala ndinalumikiza akaunti ndi foni kuti ikalowa ndalama ndizilandira uthenga. Mwana wanga anakwiya miyezi itatu osandilankhula. Ndinapirira. Ndinapempha malo kwa amfumu kwathu kwenikweni, kwa mayi anga, mboni zilipo, kalata inalembedwa m'dzina langa. Ndinayamba ndi chipinda chimodzi ndi chimbudzi. Osati nyumba ya zipinda zinayi yomwe imathera pa mawindo n'kumera udzu. Chipinda chimodzi chofoleredwa, chokhala ndi chitseko ndi loko wanga. Chachiwiri ndamanga chaka chatha.

Uwafunsenso ngati analembetsa ku VELOM, bungwe la asilikali opuma kwathu, lomwe lija limagulitsa maluwa ofiira a popi chikumbutso cha Novembala chikamayandikira. Sindikulonjeza kuti awamangira nyumba. Nyumba za chikumbutso zija za ku Zomba, kufupi ndi chipilala cha Keyala, n'zochepa ndipo anamangira nkhalamba za nkhondo zikuluzikulu. Koma dzina likhale m'buku, ndipo kumeneko akapeza anzawo odziwa khomo loyenera kugogoda nkhani ya penshoni ikavuta. Boma limawerenganso opuma nthawi ndi nthawi, munthu osaonekera dzina likhoza kuimitsidwa, ndiye kukhala kutali osadziwa zomwe zikuchitika n'koopsa.

Komaliza, usawalankhule ngati wodwala. Ukati "amalume ndikuthandizeni" akana. Uwauze kuti pali ntchito yofunika kuikonza ndipo ukufuna iwo atsogolere. Uwapatse kope ndi cholembera. Sajeni amadziwa kuwerengera anthu ndi katundu kuposa tonsefe, kungoti palibe anamuuzapo kuti ndalama zake nazo zimafuna perete m'mawa uliwonse.

Mbewe_Mayfair

Ine ndiye ndingoti akwere basi basi. Munthu wa zaka zimenezo, bondo lotupa, akufunanji ku Joni? Tisonkhe ya tikiti azipita. Kumudzi sagona panja.

Mayi_a_Tadala

A Mbewe, azipita kuti? Mwawerenga kuti nyumba inatsala kuchikamwini. Mukamukweza munthu basi lero, mawa kutsika pa Dedza alibe khomo lake, mwangosamutsa vuto. Akakhala pakhonde la mlongo wake mwezi umodzi, manyazi amugwira, abwereranso kuno kudzera njira zachidule. Ndawaona otero.

Nabanda mwana wanga, ine ndine msungichuma wa kagulu kathu ka amayi ndi abambo a kumpingo. Tinayamba ngati gulu la maliro, chifukwa mukudziwa mtengo wonyamula mtembo kuchoka kuno kudutsa Zimbabwe ndi Tete mpaka kwathu. Koma titaika anthu angapo tinadzifunsa kuti bwanji timasonkha mwachangu munthu akafa, pomwe ali moyo akugona panja sitimuona? Ndiye tinatsegula thumba lachiwiri la lendi. Aliyense amaponya R50 pamwezi. Wina akagwa m'mavuto timalipira mwezi umodzi, ndalama timapereka m'manja mwa landilodi ndipo timatenga lisiti, mwiniyo amabweza pang'onopang'ono popanda chiwongola dzanja. Si zambiri, koma mwezi umodzi umenewo ndi womwe umalekanitsa munthu ndi mashonisa.

Chimene ndikukupempha ndi mtima wonse, usalole kuti amalume apite m'manyumba aja a m'tauni omwe anthu analanda kwa eni ake, ngakhale wina atawauza kuti kuli malo a R500. Ine ndinali nawo pa ntchito yofunafuna abale pambuyo pa moto wa panyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023. Anthu 76 anafa, ndipo ena mwa iwo anali a kwathu. Ndinaima pamzere ndi mayi wina atanyamula chithunzi cha mwamuna wake pafoni, tsiku lonse, osadya. Anthu aja sanalowe m'nyumba ija chifukwa chokonda. Ambiri inali nkhani ngati yomweyi, ntchito yatha, lendi yakanika, pasipoti ili kwina. Bambo wa bondo lotupa sangathamange pa masitepe mumdima.

Kumpingo kwathu kuli abambo awiri omwe amagawana chipinda ku La Rochelle, ndipo mmodzi akupita kumudzi kumapeto kwa mwezi. Malo amenewo ndi R900. Ndi anthu osamwa, ogona msanga. Ndilembere kumbali ndikulumikize.

Bondolo apite nalo kukiliniki ya boma, asamangomanga nsalu. Ndipo iwenso udzisamale. Ndakuona kuti ndiwe wamtima, koma usatenge ngongole m'dzina lako kuti uzimitse ya amalume, mungamire nonse awiri pamodzi ndi ana. Khala pansi ulembe zomwe ungathe pamwezi popanda kukhudza lendi yako ndi chakudya cha ana, uwauze nambala imeneyo poyera, ndipo ikhale yomweyo. Ngati mukutumiza kumudzi, tumizani pa Mukuru kapena njira ina yokhala ndi lisiti, ndipo ndalama ya simenti izipita kwa munthu mmodzi yekha amene azijambula lisiti ndi matumba. Ndalama yomangira ikadutsa m'manja atatu imafika itasanduka ndiwo.

Nabanda_wa_ku_Rosettenville

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. Ndikuuzeni pomwe tafika.

Loweruka ndinapita kwa landilodi ndi abambo awiri a kumpingo kwa Mayi a Tadala. Sitinakangane. Ndinamuonetsa chithunzi cha loko, ndinamuuza kuti talankhula ndi odziwa malamulo ndipo tikudziwa za Tribunal, koma tabwera kudzagwirizana. Anayamba mokweza mawu, kenako anafewa. Tagwirizana kuti dipoziti idye mwezi umodzi, zotsalazo tibweza magawo atatu, ndipo talemba papepala aliyense wasaina. Anatsegula. Amalume analowa, sanayang'ane bedi kapena mapoto, anapita pa sutikesi. Mapepala anali m'jumbo ya pulasitiki, okulungidwa kawiri, ouma. Pansi pake panali mendulo zawo m'sokosi. Anaziwerenga, n'kuzibwezera.

Pasipoti sinatuluke. Munthu uja akuti ngongole yafika R2,700, ife tinapita ndi R1,500. Abambo aja abwererakonso Lachitatu. A Gondwe, ngati akanabe ndidzakufunsani za maloya aja, komanso ngati kuli bwino kungopita ku ofesi ya kazembe wathu kuno kukapempha chikalata choyendera.

Chovuta kwambiri chinali foni ya kwa mwana wawo. A Kopolo, ndinachita monga munanenera, ndinagula kope la R12 n'kuwauza kuti ine masamu andivuta, atsogolere ndi iwo. Anakhala tsonga, anajambula mizere ndi rula ya mwana wanga, mbali ino zolowa, mbali ino zotuluka. Atafika pa penshoni cholembera chinaima. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Muimbire." Analankhula okha, ine ndinatuluka panja. Sindikudziwa zonse zomwe anakambirana, koma pobwera ndinapeza alemba nambala m'kope, ndipo maso anali ofiira. Akuti mnyamatayo wakhala akulipirira fizi ya azing'ono ake ndi ndalamayo, sikuti amangodya. Agwirizana kuti fizi ipitirire, yotsalayo izipita ku njerwa.

Mayi anga ndawaimbira. Akuti malo alipo kuseri kwa nyumba yawo, pafupi ndi mtengo wa mango womwe amalume anadzala okha asanapite ku Salima, ndipo apita kwa amfumu sabata ino. Analira pafoni, akuti bwanji achimwene sananene.

A Mbewe, kupita adzapita, iwonso anena okha. Koma akuti akufuna akatsike basi chipinda chitafoleredwa. Awerengera kuti ngati bondo lilola n'kupeza kaganyu ka masana, zitheka mvula isanayambe chaka chamawa. Pakali pano asamukira ku La Rochelle pa 1. Funso lomwe ndatsala nalo ndi la a Kopolo: pa chipinda chimodzi chija munagula malata angati, ndipo munayamba ndi kuumba njerwa kapena kugula zootcha kale? Amalume akufuna alembe m'kope usiku uno.